Kansalu Kofiira pa Macheka

1. Macheka akana kudzuka

Lachitatu m'mawa macheka amagetsi a mu shedi ya amalume anakana kudzuka.

Anali macheka a patebulo, akale, achitsulo chokhachokha. Mpeni wake wozungulira unkatulukira pakati pa tebulo. Kunsi kunali mota, ndipo lamba wakuda ndiye ankalumikiza motayo ndi mpeni. Thabwa lililonse la mu shedimo linkayamba ladutsa pamenepo. Macheka akagona, ntchito yonse inkagona.

Ophunzira ntchito analipo awiri, onse ana a alongo awo a amalumewo. Wamkulu anali mnyamata wamatama, ndipo anthu ankamutcha Chimkamwa. Wamng'ono anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ntchito yake inali kusesa ndi kukwecha matabwa ndi sandipepala, moti tsitsi lake linkakhala lotuwa tsiku lonse. Chimkamwa ndiye anamupatsa dzina loti Kautuchi, ndipo dzinalo linamukakamira.

Kwawo kwa Kautuchi kunali kutali. Iye ankakhala kwa amayi ake aakulu, amake a Chimkamwa, omwe anamulandira chifukwa cha ntchito yomweyi basi.

Mota inali itadwala milungu itatu. Munthu akadina batani lobiriwira inkangong'ung'udza malo amodzi, osazungulira. Amalume sanafune kuitana wamagetsi. Anachotsa chophimba cha lamba n'kupeza njira yachidule. Chimkamwa ankagwada, n'kugwira lamba ndi dzanja lamanja, n'kuwerenga mokweza kuti, "Imodzi, ziwiri, zitatu." Pa zitatu wina ankadina batani, iye n'kukoka lamba mwamphamvu n'kumusiya. Mota inkatsokomola pang'ono kenaka n'kuthamanga. Chimkamwa ankaimirira n'kupukuta manja ngati wapha chilombo.

Tsikuli anakoka katatu, koma mota inakana. Inangong'ung'udza mpaka kutentha, ndipo kabatani kake kodzitetezera kanatumphuka.

Amalume anamenya tebulo la macheka ndi chibakera. Panali zitseko khumi zoti zikhale zitatha Lachisanu.

"Tamverani awirinu," anatero. "Ndasunga anthu awiri pa ntchito ya munthu mmodzi, ndatopa nazo. A Zitatu, mmisiri wathu wodula matabwa, maso atha, mzere wa pensulo sakuuonanso. Macheka awa akufuna mwini watsopano. Ndikukatenga matabwa, ndibwera thuu koloko. Amene awadzutse ndiye mwini wake. Winayo asadzapondenso muno."

Anatembenukira kwa Kautuchi.

"Iwe ukhoza kuyambiratu kumanga katundu. Amako akusowa wowatungira madzi."

Atatero anazimitsa magetsi onse pa bokosi la pakhoma, n'kulikhoma, n'kuika kiyi m'thumba. Ankachita zimenezi nthawi zonse akamachoka, poopa kuti anthu adulirapo matabwa a maganyu awo.

"Nanga tiyesa bwanji popanda magetsi, amalume?" anafunsa Kautuchi.

"Mudzayesa ine ndikuona," anayankha, n'kutuluka.

2. Chenjezo la a Zitatu

A Zitatu anali mmisiri wamkulu wa mu shedimo. Dzanja lawo lamanja linali ndi zala zitatu zokha, ndipo dzina linachokera pomwepo. Amalume atangochoka, mkuluyo anatenga kansalu kofiira pa msomali n'kukamanga pafupi ndi mabatani a macheka.

"Agogo ayamba kukongoletsa maliro," anatero Chimkamwa.

"Seka, mano ukadali nawo," anatero a Zitatu. "Khalani pansi nonse awiri. Ndinena kamodzi kokha.

"Kansalu aka si kokongoletsera. Kakamangidwa ndiye kuti makina afa, ndipo aliyense amawayandikira ngati akufa. Amene wawakonza amakamasula ndi dzanja lake, n'kunena mokweza kuti shedi yonse imve: ndagwira makina awa. Ngakhale utangomanga nati imodzi, nena. Ngakhale ukukayika ngati wakonzadi, nena.

"Zala ziwiri izi sindinazitaye chifukwa cha mowa kapena tulo. Ndinali mnyamata ngati iwe. Makina opalira matabwa anafa, tinamanga kansalu. Ine ndili kunja, mnzanga anawakonza, koma sananene. Ankafuna kudabwitsa abwana. Nditabwera ndinapisa dzanja kuti ndichotse zinyalala, podziwa kuti makina ndi akufa. Wina anadina batani. Mnzangayo analira kuposa ine, ndipo anandiyendera kuchipatala tsiku ndi tsiku. Koma zala sizinamere."

Chimkamwa anayasamula mwadala. Kautuchi anafunsa kuti, "Nanga motayi ikudwala chiyani, agogo?"

"Ndinawauza amalume ako sabata yoyamba yomwe. Anati munthu wodziwa makina sakhala ndi zala zitatu. Ndiye ndinatseka pakamwa. Koma poti wafunsa, mvera.

"Mota ikakana, usathamangire mphamvu. Yamba wazula pulagi, ngakhale magetsi akhale atazima. Kenaka udzifunse ngati magetsi amafika. Yathuyi imang'ung'udza, ndiye kuti amafika. Chotsa lamba, uzunguze motayo ndi dzanja, umve ngati ikulemera. Ukatero yang'ana kachitini kakuda kali pamsana pake, kamene amati kapasita. Ngati katupa kapena kakudontha, kafa. Mawaya ake usawakhudze, kamasunga moto ngakhale magetsi atazima. Ngati kali bwino, tsegula chivindikiro cha kumbuyo. M'menemo muli kaswichi kamene kamaipatsa mota mphamvu yoyambira. Kali ndi timilomo tiwiri tachitsulo. Utuchi ukalowa pakati, timilomoto sitikhudzana, ndipo mota imangolira malo amodzi ngati mwana wokana kupita kusukulu. Ndikanatsegula ndekha, koma tinthu tating'ono choncho sindikutionanso."

"Nthano zokhazokha," anatero Chimkamwa. "Mota iyi imafuna nyonga. M'mawa ndinalibe kanthu m'mimba. Ndikadya, ndiikoka mpaka ipepese."

Anaimirira, natola chowolera zinyalala chodzaza utuchi, n'kuchikhuthulira pamutu pa Kautuchi. Utuchi unalowa m'maso, m'kamwa ndi m'khosi mwa malaya.

"Mphatso yotsanzikirana iyo, chemwali. Ukawaonetse kwanu kuti kuno unaphunzira chiyani."

Anyamata awiri a pa shedi ya owotcherera zitsulo, omwe ankasuzumira pakhomo, anaseka mpaka kugwirana mapewa. Kautuchi sanalire. Analavula utuchi, n'kutenga tsache.

3. Masana

Itakwana thwelofu, Chimkamwa anapita kukadya ndi anzakewo. A Zitatu anatenga kachikho kawo n'kupita kukamwa tiyi kuseri. Mu shedi munatsala Kautuchi yekha.

Anaika tsache pansi. Anazula pulagi. Anakwawira kunsi kwa tebulo, n'kumasula mabawuti awiri, n'kuchotsa lamba. Atazunguza mota ndi dzanja, inayenda molemera ndipo mkati munkamveka kukhwekhwereza.

Anayang'ana kachitini kakuda kaja mbali zonse. Sikanatupe, sikankadontha. Mawaya ake sanawakhudze.

Kenaka anamasula timasikuluwu tinayi ta chivindikiro cha kumbuyo. Kamodzi kanali kadzimbiri, moti anasupuka chala asanakagonjetse. Chivindikiro chitatseguka, utuchi unagwa chibuma. Sunali utuchi woyera wa pansi uja ayi. Unali wakuda, wosakanikirana ndi girizi, wolimba ngati dothi la chulu.

Anathamangira ku kabati n'kutenga mswachi wakale umene ankatsukira mahinjesi. Anakolopola, anauzira, anakolopolanso. Timilomo tiwiri tija tinaoneka, takuda bii, utuchi utatsekereza pakati. Anang'amba kachidutswa ka sandipepala wosalala n'kutikwecha mpaka tinawala. Atakankha kaswichiko ndi chala, kanalira kuti tche, timilomo n'kukhudzana.

Anazunguzanso mota. Tsopano inayenda mopepuka, n'kupitiriza yokha iye atachotsa dzanja.

Anabwezera chivindikiro, anabwezera lamba, anadina kabatani kanatumphuka kaja, n'kulowetsa pulagi. Utuchi wakudawo anaukankhira kuseri kwa mwendo wa tebulo.

Atatero anaimirira patsogolo pa kansalu kofiira. Anakagwira. Panja panamveka kuseka kwa Chimkamwa. Akanamasula, Chimkamwa akanadziwa, ndipo pakamwa pamenepo pakanauza amalume kuti ntchitoyo ndi yake. Kautuchi anachotsa dzanja, n'kukasiya kansalu komangidwa.

A Zitatu analowa akupukuta milomo.

"Wagwirako makinawa, mwanawe?"

"Ayi, agogo. Ndimangosesa."

Bodza lake linali lalifupi chomwecho.

4. Thuu koloko

Amalume anafika ndi lole yodzaza matabwa. Analowa akutuluka thukuta, n'kutsegula bokosi la pakhoma, n'kuyatsa magetsi. Anyamata a owotcherera aja anabweranso kudzaonerera.

"Tiyeni tione," anatero amalume.

Kautuchi anayandikira. "Amalume, ndiyese ine kaye."

"Iwe uyese chiyani? Ukufuna uisese motayo? Ayambe mwamuna. Iwe ima apo, udine batani. Ntchito imeneyo ngakhale nkhuku ingaithe."

Chimkamwa anapinda manja a malaya. Anagwada pamalo pake, n'kuyang'ana kansalu kofiira kali chimangire monga anakasiyira. Popeza m'mawa analephera, tsopano anagwira lamba mwamphamvu kuposa kale. Anazungulitsa zala zonse, pafupi ndi gudumu la mota, kuti akoke kutalika.

"Wakonzeka, Kautuchi? Uonetsetse, n'komaliza kuona mwamuna akugwira ntchito."

Apa panali mpata wa mawu atatu okha: ndagwira makina awa. Kautuchi anali nawo pakamwa. Koma anaonanso china. Akadina pa zitatu, Chimkamwa akoka, macheka alira, ndipo aliyense ati nyonga za Chimkamwa ndizo zawadzutsa. Akadina msanga, macheka alira okha Chimkamwa asanakoke, ndipo onse aona ndi maso awo.

"Imodzi," anatero Chimkamwa.

A Zitatu anali cha kukhomo, akuthandiza dalaivala kumasula zingwe.

"Ziwiri."

Kautuchi anadina.

Mota sinang'ung'udze, sinatsokomole. Inanyamuka nthawi yomweyo ndi mphamvu zake zonse. Lamba anatenga dzanja la Chimkamwa n'kulilowetsa m'gudumu.

Kukuwa kwake kunaposa kulira kwa macheka. Kautuchi anauma, chala chili pomwepo pa batani lobiriwira. Anali a Zitatu amene anathamanga, n'kumukankhira kumbali, n'kumenya batani lofiira, n'kuzula pulagi. Anavula malaya awo n'kukulunga dzanjalo. Zala ziwiri zinali zitaphwanyika moti palibe anafuna kuyang'ana kawiri.

Anyamata a owotcherera anathawa.

"Sindinati zitatu," Chimkamwa ankangonena, mano akugundana. "Sindinati zitatu."

"Khala chete," anatero amalume. "Kuwerenga mpaka zitatu kukukuvuta, ndiye ukunamizira anthu. Ndinakuuza ndani kuti ugwire pafupi ndi gudumu? Taona wadetsa matabwa a zitseko."

Ananyamula matabwa awiri amene anadonthera magazi n'kuwayang'ana ku kuwala. Kenaka anauza dalaivala kuti apite naye mnyamatayo kuchipatala.

"Koma tsitsani kaye matabwa anga. Sindikufuna ayende ulendo wachiwiri."

"Bwana, mwanayu akutaya magazi," anatero a Zitatu.

"Ndiye fulumirani kutsitsa."

Anatsitsa. Chimkamwa anakhala pansi atatsamira khoma, nkhope itatuwa, dzanja atalikweza m'mwamba monga a Zitatu anamuuzira. Kautuchi ananyamula matabwa pamodzi ndi ena. Nthawi zonse akamadutsa, Chimkamwa ankamutsatira ndi maso.

5. Mwini watsopano

Lole itapita, amalume analowetsa pulagi n'kudina batani lobiriwira. Macheka analira bwinobwino. Anazimitsa, n'kudinanso. Analiranso. Nkhope yawo inamasuka.

"Mwaona? Motayi imangofuna kukokedwa mwamphamvu kamodzi. Mnyamata uja wawadzutsa ndithu, koma wawadzutsira wina." Anaseka okha. "Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Zitatu zomwe zamutsalirazo zimukwanira kugwira tsache, koma osati muno. Wa zala zitatu ndili naye kale mmodzi."



Amalume analoza Kautuchi. "Watsala ndiwe. Si kuti ukudziwa kanthu, koma manja uli nawo onse. Mawa ufike sikisi koloko. Macheka ndi ako. Tsuka gudumu limenelo, lisanunkhe."

Kautuchi anatsegula pakamwa. Tsiku lonse ankafuna amalume adziwe kuti mota anaikonza ndi iye. Tsopano mawu omwewo sakananenedwanso.

"Zikomo, amalume," anatero.

Amalume anapita kukauza mwini zitseko kuti ntchito itha Lachisanu. Kautuchi anatunga madzi m'chidebe n'kugwada pamalo pamene Chimkamwa anagwada paja. Anatsuka gudumu, anatsuka lamba, anatsuka simenti. Madzi anasanduka ofiira, anakataya, n'kutunga ena.

Dzuwa litapendeka, a Zitatu anatenga tsache lija n'kuyamba kusesa. Atafika kuseri kwa mwendo wa tebulo, anaima. Anawerama movutikira, n'kutola chibuma chakuda, n'kuchifikisa pakati pa zala, n'kuchinunkhiza. Kenaka anapapasa chivindikiro cha mota. Mitu ya timasikuluwu inali yokalika kumene. Pansi pa tebulo anapezanso mswachi.

Anaika zonsezi pa tebulo la macheka, pamaso pa Kautuchi.

"Maso anga atha, koma mphuno ndi zala zikadalipo. Utuchi uwu wachokera m'kati mwa mota."

Kautuchi anapitiriza kupukuta simenti youma kale.

"Wakonza bwino," anatero mkuluyo. "Wamagetsi weniweni sakanaposa pamenepa. Ndaphunzitsa anyamata ambiri, ndipo palibe anamva kamodzi n'kuchita ngati iwe. N'chifukwa chake zikundiwawa.

"Ndinakufunsa ndi pakamwa panga, unati umangosesa. Kansalu unakaona, unakasiya. Mlongo wako atagwira lamba unali ndi nthawi, sunanene. Usandiuze za utuchi wa pamutu, ndinauona. Anakuchita chipongwe, ndipo amalume ako ndi munthu wouma mtima amene anachotsa chophimba cha lamba ndi manja ake. Zimenezo adzayankha okha. Koma utuchi umachoka ndi madzi, mwanawe. Iwe usamba madzulo ano. Iye azidzuka ndi dzanja lija m'mawa uliwonse mpaka adzakalambe ngati ine. Mabatani a malaya azimuvuta. Ana azimuloza. Anthu amupatsa dzina, ndipo dzina lake lenileni aliiwala."

"Sindimafuna kuti apweteke, agogo. Ndimangofuna aone kuti ndine."

"Mnzanga ujanso ankatero."

Mkuluyo analoza kansalu kofiira. Kanali kakadali komangidwa, chifukwa pa chipwirikiti chonse chija palibe anakakumbukira.

"Macheka ndi ako tsopano. Masula. Lamulo silinasinthe chifukwa choti wachedwa. Ine sindikunenera, si ntchito yanga. Koma sindiima pambali pa munthu amene amagwira makina mobisa. Ukapanda kunena, mawa udula wekha."

Kautuchi anaimirira. Mfundo inali yolimba. Anavutika nayo kanthawi, kenaka kansalu kanamasuka.

Nthawi yomweyo geti linalira. Analowa amayi ake aakulu, amake a Chimkamwa, akuchokera kuchipatala. Mpango unali utagwera paphewa, ndipo m'manja ananyamula malaya a a Zitatu, ouma ndi magazi. Anawapereka kwa mwini wake osapereka moni.

"Adula ziwiri," anatero.

Anayang'ana macheka, anayang'ana simenti yotsukidwa. Kenaka anaona Kautuchi, n'kumukokera pachifuwa pawo.

"Mwana wanga, wazionatu zoopsa lero. Tiye kunyumba ukasambe, ndakusungira chakudya." Anamusiya, n'kumupukuta utuchi wa m'tsitsi ndi dzanja. "Koma tandiuza kaye. Mlongo wako chitsitsimukire akungonena mawu amodzi, kuti sanafike pa zitatu. Anamwino akuti ndi mankhwala. Ine mwana wanga ndimamudziwa. Pa batani panali ndani?"

A Zitatu anayang'ana pansi. Kautuchi anafinya kansalu kofiira m'dzanja, ndipo amayi aakulu anaima pomwepo, kudikira.